Amake Zuze Sankazimitsa Injini Yotentha

Amake Zuze anamwalira Loweruka m'mawa pa doko la ku Feira, atakhala pa kabokosi ka nsomba, atangovala bulauzi ndi pitikoti. Chitenje chawo chinali pamwamba pa lole, chitada ndi oyilo. Mwezi sunathe chichitikireni zimenezi. Mayi amene sankatuluka pakhomo opanda duku, amene ankabweza atsikana pamsewu kuti akavale bwino, kukafera pagulu chonchija, anthu a ku Zumbo, kutsidya kwa mtsinje, ali m'mabwato akuonerera! Ine ndinalipo. Ndinapita kukagula nsomba ya pende ya ndiwo, ndinabwerako ndikulira ngati mwana.

Kuyambira tsikulo anthu akungonena chimodzimodzi, kumsika, pamjigo, ngakhale pakhomo la tchalitchi: anafera galimoto. Ena amawonjezera kuti n'zosadabwitsa, poti ndi mayi yemwe uja anasiya mwamuna wake akufa chifukwa cha galimoto yomweyo. Mawu amenewa amandiwawa mumtima. N'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe za iwo monga ndinawadziwira.

Ndinawaona koyamba tsiku limene ndinafika m'boma lino kudzayamba uphunzitsi, kuchokera kwathu ku Katete. Basi inanditsitsa pa mlatho wa Luangwa dzuwa likuswa mtengo, ndipo wina anandilozera lole yoyera yodzaza matumba a ufa ndi mchere. Ndinafunsa kuti dalaivala ali kuti. Mayi wina wamfupi, wamapewa otakata, amene ankatafuna masau atatsamira tayala, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Mufuna dalaivala wa ndevu?" anandifunsa. "Kwelani, madamu. Ndevu tizagula kutsogolo."

Ankayendetsa opanda nsapato, atakhalira pilo wosokedwa ndi thumba la ufa kuti aone bwino msewu. Ankati phazi liyenera kumva injini, nsapato ndi yogontha. Titafika pa Boma aliyense anatsika, koma iwo sanazimitse. Anangokhala, dzanja lili pa kiyi, atatsinzina, n'kuyamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi ndi mawu awo okhuthala aja. Ine ndinaganiza kuti akuthokoza Mulungu potiyendetsa bwino, ndiye ndinaweramitsa mutu, chikwama chili m'manja, thukuta lili kamukamu. Atamaliza anazimitsa injini, natulutsa mutu pawindo.

"Amen yanu yafika kumwamba, madamu. Koma ine n'nali kupumitsa tabo."

Sabata yomweyo anandipatsa chipinda kuseri kwa nyumba yawo, ndipo ndikukhalamo mpaka lero. Za tabo ndinazimva mpaka makutu kuwawa. Nthawi ina anapendeketsa mutu wa lole n'kundikokera kuti ndione: kachitsulo kopindika ngati chigoba cha nkhono, kadzimbiri, kosaoneka n'komwe kuti n'kofunika. Anandiuza kuti mkati mwake muli timapiko tozunguliridwa ndi utsi wotentha wochokera mu injini, ndipo timapikoto ndi timene timakankhira mpweya wambiri mu injini kuti lole ikwere phiri ili ndi katundu. Kamazungulira mwaukali woti maso sangaone, ndipo chimene chimakasunga ndi oyilo yekha. Injini ikamalira, oyilo amayenda n'kumakaziziritsa. Ukazimitsa kadakali kofiira ndi moto, oyilo amaima, n'kupserera momwemo ngati mafuta oiwalika pa mbaula. Lero pang'ono, mawa pang'ono, kenaka kanjira ka oyilo katsekeka, tabo yatha.

Wotchi analibe, ndipo sankaikhulupirira. Muyeso wawo unali nyimbo. Akachokera pafupi ankaimba ndime imodzi. Akachokera ku Lusaka, atakwera ndi kutsika mapiri a Manenekela ndi katundu, ankaimba nyimbo yonse mpaka kumapeto, nthawi zina n'kubwereza. M'mawa akaliza injini sankaponda mafuta, ankasesa kaye pabwalo, ati oyilo ayambe wafika kumene akufunika. Fumbi ankadana nalo kuposa njoka. Akabwera kuchokera ku Kavalamanja, kumene msewu wake umakusiya woyera mpaka nsidze, ankatulutsa sefa ya mpweya n'kuiunika padzuwa, akaona kachiboo ngakhale kochepa motani, lole siyenda mpaka ina ipezeke. Ankati kamchenga kamodzi kakalowa, kamadya timapiko tija ngati mbewa pa chimanga.

Ndinawafunsapo kuti kodi tabo imakhala zaka zingati. Anandiyankha kuti funso langa linali la m'kalasi. Tabo, anatero, ilibe zaka zake, imakhala zaka za mwini wake. Ndipo sankanama. Pamsewu uno anyamata ankasintha matabo mvula ziwiri zisanathe, ena chaka chomwe chisanathe, pamene ya amake Zuze inali yomwe ija anaisiya amuna awo. Anthu ataona choncho anayamba zawo zija. Ena ankati m'lolemo muli mankhwala a ku Zumbo, nyimboyo n'njodyetsera zimene anakwirira pansi pa mpando. Iwo atamva anaseka mpaka kutsokomola, nati mankhwala awo amagulitsidwa m'sitolo, m'chigubu chomata, koma anthu amakonda oyilo wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu chifukwa ndi wotchipa.

Sindikufuna kuwapaka mafuta chifukwa choti amwalira. Anali mayi wovuta. Wogulitsa oyilo wa m'mabotolo uja anamuchititsa manyazi pamaso pa mkazi wake, atathira oyiloyo pa chikhatho n'kumuonetsa zinyalala. Pamaliro ena ku Mburuma anafika ndi anthu pemphero litayamba kale, injini n'kumalira chapafupi, ndipo mkulu wa mpingo atabwera kudzawapempha kuti azimitse, anamuuza kuti nawonso ali pakati pa nyimbo, adikire. Mkuluyo sanawapatsenso moni kwa chaka chathunthu. Ine ndemwe anandikalipirapo ngati kamwana chifukwa ndinayanika malaya pa chipaipi cholowera mpweya, chimene chimaima kuseri kwa mutu wa lole. Koma mayi yemweyo ndi amene ankanyamula odwala a m'midzi osawafunsa kanthu, ndipo ine nditadwala malungo anandisambitsa ndi manja awo.

Nkhani ya amuna awo sanandiuzepo. Ndinaimva kwa ena, monga mlendo aliyense amaimvera asanathe mwezi m'boma lino.

A Tembo, amuna awowo, ndiwo anagula lole ija, ndipo ndiwo anaphunzitsa akazi awo kuyendetsa, anthu akuseka. Za tabo zonsezi zinachokera kwa iwo. Tsiku lina akukweza mbuzi m'mudzi wina wa ku Mburuma, a Tembo anagwira pachifuwa n'kugwa. Anawalowetsa kutsogolo, mutu uli pamiyendo ya mlongo wawo, a Filomena. Zuze, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anali atangomaliza sukulu, anakwera kumbuyo. Amake Zuze anayendetsa lole tsiku limenelo monga sanayendetserepo, injini ikukuwa njira yonse mpaka pachipatala.

Bwalo la chipatalacho ndi lotsetsereka, ndipo masiku amenewo handibuleki ya lole inali yakufa. Ankayenda ndi chigogo cha mtengo wa mopane choika kutayala akaima, koma m'chipwirikiti chija chigogocho chinatsala kumudzi. Panali njira ziwiri basi: kuzimitsa injini n'kuisiya m'giya kuti lole isatsetsereke, kapena kukhala momwemo phazi lili pa buleki. Zuze anadumpha n'kuthamangira mkati kukaitana anamwino. Atabwera nawo ananyamula atate ake, ndipo ali pakhomo anacheuka n'kukuwa kuti amai, bwerani. Amai ake sanatsike. Anthu amene anali pabwalopo anawamva akuimba, injini ikulira. Pamene nyimbo inkatha, iwo n'kuzimitsa, n'kuthamangira mkati, a Tembo anali atatsirizika.

Nditamva nkhaniyi koyamba, ndinakhala masiku ndikuwayang'ana mayi aja akusenda mbatata, akuseka ndi anthu, n'kumadzifunsa kuti mtima wawo ndi wotani. Zuze yekha sanadzifunse. Maliro atatha anauza amai ake pamaso pa abale kuti anasankha motoka, ndiye akhale nayo. Anapita ku Lusaka kukayendetsa maminibasi, ndipo kwa zaka zambiri ankabwera pa Khirisimasi pokha, n'kugona kwa anzake. Amake Zuze sanadziteteze ngakhale kamodzi. Munthu wosapsatira mawu ngati iwo, amene sankalola kugonja pa mkangano wa mtengo wa tomato, pankhani iyi yokha pakamwa pawo panali potseka.

Chaka chathachi maso awo anachita ng'ala. Anagunda mbuzi imene sanaione, ndipo tsiku lomwelo anapachika kiyi pamsomali n'kutumiza uthenga ku Lusaka. Zuze anabwera ndi mkazi ndi ana awiri. Ndi bambo wabwino, wolimbikira ntchito, ana ake amawakonda. Koma ndinaona ndi maso anga mmene ankaimitsira lole pabwalo. Ankafika, n'kuponda mafuta kamodzi mwamphamvu monga amachitira a maminibasi, n'kuzimitsa pomwepo, kenaka n'kutsika akuyang'ana amai ake amene anali pakhonde. Sikunali kusadziwa ayi. Mwana wa a Tembo sangalephere kudziwa zimenezi.

"Zuze, mwanangu, uzaipaya tabo," ankatero amai ake.

"Ni nsimbi chabe, amai, chitsulo. Ikafa tizagula ina. Si munthu."

Mawu omalizawa ankawanena pang'onopang'ono. Ine ndili m'chipinda changa ndinkachita kuluma mano.

Oyilo anayamba kugula wa m'mabotolo. Sefa ankangoikuntha pa tayala n'kuibwezera. Miyezi ingapo itadutsa, amake Zuze anayamba kutchera khutu lole ikamabwera patali. Tabo yabwino imaimba kamluzu kosalala, koma iyi inayamba kulira mokweza ngati mwana wa galu wotsekeredwa. Kenaka utsi wabuluu kumbuyo, kenaka oyilo kumatha msanga popanda podontha. Iwo utsi sankauona, koma ankaununkhiza. Anamuuza Zuze kuti tabo yayamba kulavulira oyilo mu injini, aimike lole mpaka akonze, chifukwa injini ya dizilo ikalawa oyilo wake imapenga. Zuze anati akonza akabwerako ku Lusaka ulendo umodzi wokha. Ulendo umenewo ndi umene ankakweza nsomba zake Loweruka lija.

Pa doko panali podzaza monga mwa masiku onse. Mabwato anali atangofika kuchokera kutsidya, amayi atayala pende ndi mcheni, onyamula katundu akukankhana. Lole inaima chakumtunda, mphuno italoza kumtsinje. Amake Zuze anali atakhala pamthunzi ndi anzawo ogulitsa nsomba zouma, poti ngakhale maso anafooka, mitengo ankaidziwabe kuposa aliyense. Ine ndinali chapafupi ndikutsutsana ndi mayi wina za pende. Zuze analiza injini n'kuponda mafuta.

Phokoso limene linatsatira sindidzaliiwala. Injini inakwera, n'kukwera, n'kukwererabe, mpaka kufika pamene makutu sangapirire. Utsi woyera unatuluka tolo, n'kuphimba lole yonse ndi theka la msika. Ndinamuona Zuze akudumpha pakhomo la lole, kiyi ali m'manja, atamukweza m'mwamba ngati akufuna kuti tonse tichitire umboni. Kiyi ali m'manja, injini ikukuwabe! Anthu anabalalika, mabeseni kugubuduka, nsomba kupondedwa, ena akukuwa kuti ufiti, ena kuti iphulika. Zuze anathamangira kumunsi, kumadzi, akukankha anthu ndi kukuwira a m'mabwato kuti achoke, poopa kuti lole ingatsetsereke n'kuwagwera. Ine ndinangoima kakasi.

Ndipo ndinawaona amake Zuze akulowa mu utsi.

Sanathamange, poti sankaona. Anatola mbale yachitsulo ya mnzawo, n'kutaya nsomba zinali momwemo, n'kuyenda dzanja lili patsogolo mpaka anakhudza lole. Amayi anakuwa kuti abwerere. Mphepo itakankha utsi pang'ono ndinawaona atakwera kuseri kwa mutu wa lole, pa chipaipi chija anandikalipira chifukwa cha malaya. Anamenya kachipewa ka pamwamba pake mpaka kanagwa, n'kuvundikira mbale pakamwa pa chipaipicho. Injini inatsamwa koma sinaleke, inkakokabe mpweya m'mbali. Pamenepo ndi pamene mayi uja anamasula chitenje chake, pamaso pa msika wonse, n'kuchikulunga kuzungulira mbaleyo, n'kugonerapo ndi chifuwa. Duku linagwa. Injini inagwedeza lole yonse, inatsokomola kangapo, kenaka zii.

Bata limene linagwa linali loopsa kuposa phokoso lija. Tinawatsitsa ine ndi amayi ena awiri, tinawakhazika pa kabokosi. Nkhope yawo inali yotuwa, milomo ikunjenjemera, mpweya ukubwera mwapatalipatali. Wina anavula chitenje chake chapamwamba kuti awafunditse, koma iwo anachikankha n'kundigwira dzanja mwamphamvu.

"Madamu, ndimwe? Zuze? Zuze wachoka mukati?"

"Anatuluka kale, amai. Ali bwino, ali kumadzi."

"Wachoka?"

"Watuluka, ndamuona ndi maso anga."

Anandisiya dzanja. Anapuma kamodzi mozama.

"Chipuba," anatero, ndiko kuti chitsiru. "Mumuuze asailize motoka."

Mutu wawo unagwera paphewa langa. Zuze anafika akuthamanga, kiyi akadali m'manja, koma anapeza zitatha. Ku chipatala anati mtima.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinamuuza Zuze zonse zimene amai ake ananena, mwa ndondomeko yake. Ndinamuuza kuti sanaone kuti iye wadumpha, ankaganiza kuti mwana wawo ali mkati mwa lole yoti iphulika. Anandimvetsera maso ali pansi, kenaka anapukusa mutu.

"Zikomo, madamu, mufuna kunitonthoza. Koma mau yao yothela yanali ya motoka. Ine niwaziba amai anga."

Ndinapsa mtima, ndinamumveranso chisoni, zonse nthawi imodzi.

Tinawaika Lachiwiri. M'mawa mwake abale anasonkhana pabwalo kuti akambirane za katundu ndi zovala, ine ndikuthandiza kugawa tiyi. A Filomena, mlongo wa malemu a Tembo uja, anali atabwera kuchokera ku Kavalamanja, atakalamba kwambiri, akuyenda ndi ndodo. Nkhani itafika pa lole, mkulu wina anafunsa Zuze maganizo ake. Zuze anati aigulitse kwa ogula zitsulo zakutha, sakufuna kuionanso. Anati lole imeneyi inamulanda amai ake kawiri: tsiku limene anasiya atate akufa okha, ndi Loweruka lapitali.

A Filomena anamenya ndodo pansi.

"Khala chete, iwe mwana."

Aliyense anatembenuka. Mayi amene uja sankalankhula pagulu.

"Ine n'nalimo mu motoka siku ija, iwe unali kumbuyo. Pamene unathamanga kuitana manesi, amai ako anagwira kiyi kuti azimye. Atate ako anauka pamendo panga, anawagwira dzanja apa." Anaonetsa pa mkono wawo woonda. "Anati, osazimya, tabo yapya maningi, yatentha kwambiri. Anakamba kawiri. Osazimya. Ndiye mau yao yothela, Zuze. Sanakambe zina."

Zuze anawayang'anitsitsa azakhali akewo.

A Filomena anapitiriza, misozi ikutsika koma mawu osagwedera. Anati amake Zuze anamvera chifukwa anaganiza kuti munthu amene akudera nkhawa tabo sangakhale kuti akufa, anaona ngati ndi chizindikiro choti a Tembo achira. Anaimba nyimbo ija mothamanga, akudumpha ndime, phazi lili pa buleki. Ndipo maliro asanatuluke m'nyumba anawakokera a Filomena kuseri n'kuwalumbiritsa kuti mwana asadzamve.

"N'nawafunsa kuti chifukwa chani, mulamu? Anati, mwana asazibe kuti atate ake anatsiriza na motoka osati na dzina yake. Akalipile ine. Ine nilipo, ningapirire. Wakufa sangayankhe." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku. "Nasunga zaka zonse izi. Manje amene ananimanga pakamwa tawaika dzulo."

Ndinayang'ana nkhope za anthu amene anakhala zaka zonsezi akunena kuti mayi uja anali ndi mtima wa mwala, ndipo ndinaona akulu akulu akuyang'ana zala za kumapazi awo. Ine ndemwe ndinakumbukira masiku aja ndinkawayang'ana akusenda mbatata n'kumawaweruza mumtima. Kenaka Zuze analankhula motsitsa, ngati akudziuza yekha.

"Chigogo," anatero. "Inali nchito yanga kukweza chigogo. Nine n'nachisiya ku munzi."

"Amai ako anaziba," anayankha a Filomena. "Na icho anati tisakambe."

Zuze, bambo wamkulu wa ana awiri, anagwa chafufumimba pafumbi n'kulira mokuwa, akuitana amai ake. Sindinamvepo mwamuna akulira choncho. Mkazi wake anayesa kumudzutsa, a Filomena anati amusiye.

Lole sanaigulitse. Makaniko anabwera kudzaiona n'kunena kuti tabo inatheratu, timapiko take tinasweka, koma injini ikhoza kudzuka chifukwa inatsamwitsidwa msanga isanadzidye. Anaikokera ku galaja, ndipo ili komweko kudikira zipangizo. Anthu a kumsika akupitirizabe kunena kuti amake Zuze anafera galimoto. Ndikawamva ndimawayankha, ndipo ena ayamba kundithawa.

Pansi pa mtengo wa masau, pamene lole inkagona, tsopano pali poyera. Matayala anasiya maenje anayi osaya, ndipo nkhuku zimasambamo fumbi. Chigogo cha mopane chimene mayi aja anasema a Tembo atamwalira chili pomwepo, chosalala ndi manja. Pilo wa thumba la ufa uja ali pakhonde, pampando wawo, ndipo palibe amene amakhalapo, ngakhale adzukulu. Msomali wa kiyi uli pakhoma wopanda kanthu. Masau agwa ambiri chaka chino, akungowola, poti wotola kulibe.

Zuze wapeza ganyu yoyendetsa galimoto ya munthu wina wamalonda, ndipo madzulo amabwera nayo kunyumba. Amaimika pambali, osati pamalo a lole. Ndimamva ali pachipata, ndimamva akulowa, ndimamva akuima. Ndiye sazimitsa. Tsiku loyamba ndinasuzumira pawindo ndipo ndinamuona atakhala, dzanja lili pa kiyi, maso ali pakhonde. Nyimbo ija saidziwa bwino, anakana kuiphunzira kalekale. Injini imangolira yokha pabwalo, nthawi yokwana nyimbo yonse mpaka kumapeto, popanda woimba.